Chifukwa Chake Ndakukaniza Malamba a Mathanki

Kugombe, dera la Monkey Bay,
Boma la Mangochi.
Lachitatu, itatha swala ya masana.

Kwa mwana wanga Patuma,

MUTU: YANKHO LA PEMPHO LAKO, PAMODZI NDI MALANGIZO A PA ULENDO

Assalamu alaikum.

Kalata ino ndalemba ine mwini, bambo ako, nditakhala pa benchi la kuseri kwa chipinda chopoperamo mpweya kuno kuntchito, pamene iwe uli ku Chowe kukatsanzika azakhali ako. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade 4, choncho pamene cholembera chaphonya, uwongole wekha mumtima. Ndasankha pepala chifukwa pakamwa panga pamauma ndikafika pa nkhani imene ili kumapeto kwa kalatayi.

Malinga ndi pempho lako la Lachisanu lapitali, unapempha kuti ndikupatse malamba anga akale aja ali m'sutikesi yachitsulo, omangira mathanki awiri m'mbali mwa thupi, popeza aphunzitsi ako a ku Mozambiki alamula kuti wophunzira aliyense abwere ndi ake. Ndinati ndiganize kaye. Ndaganiza, ndipo yankho ndi lakuti ayi, sindikupatsa. Tsiku lija unandiyang'ana ngati ndapangana ndi mayi ako, Abiti Sumani, amene akukana kuti upite. Si choncho. Ine ndikufuna upite mawa, ukaphunzire kutsogolera alendo pansi pa madzi, ndipo ndikufuna ukabwere wamoyo. Zifukwa ndazilemba m'munsimu. Werenga mpaka kumapeto, ngakhale pamene pakuwawe.

Poyamba ndikukumbutse kumene ndachokera. Ndinakulira pa matchera, maukonde aja a agogo ako. Kenako ndinalowa ntchito yogwira mbuna, tinsomba ta m'miyala tija amatumiza kunja kukaweta m'magalasi, ndipo nthawi imeneyo tinkapumira paipi yaitali yochokera ku injini ya m'boti. Pambuyo pake ndinalembedwa pa sukulu ino ya alendo olowa m'madzi, kupopa mathanki ndi kukonza zida. Kuno kunabwera mphunzitsi wina wachizungu wandevu zofiira, amene tinkamutcha Che Ndevu. Iyeyo ndiye anatisonyeza kuti thanki si ya pamsana pokha. Munthu akhoza kunyamula awiri, ina kumanja ina kumanzere, kuyambira kukhwapa kufika m'chiuno, iliyonse ndi chopumira chake ndi geji yake yoonetsa mpweya wotsala. Eni ake amati sayidimaunti. Ife tinkangoti za m'mbali.

Cholakwa changa choyamba chinali kusankha ndi maso. Panali jekete la mpweya limene mlendo wina wonenepa anasiya, lamatumba ambiri ndi mphete zonyezimira. Ndinaona kuti limeneli ndilo la munthu wamkulu, ndipo ndinakolowekapo mathanki anga awiri. Nditalowa m'madzi, mathanki analendewera pansi ngati zigubu pa njinga ya wogulitsa madzi, kundigunda m'maondo ndi kuvundula matope mpaka nsomba zonse zinathawa. Che Ndevu anandijambula, ndipo titatuluka anandionetsa chithunzicho, nanena m'Chichewa chake chopunduka kuti ameneyu si wosambira, ndi munthu amene akusamuka mudzi. Choncho iwe, Patuma, ukatenge malamba wamba opanda zokometsera, ndi thumba la mpweya laling'ono logona pamsana. Uyambe wavala suti yako ya mphira, kenako uyeze malamba, chifukwa suti imawonjezera thupi. Mphete za paphewa zikhale pamene chala chako chachikulu chingazipeze utatsinzina. Thanki igone mowongoka motsata nthiti zako, mutu wake kukhwapa. Ndipo upemphe mnzako akujambule uli m'madzi, chifukwa munthu sadziona m'mbali mwake. Malamba ndi a thupi limodzi. Mawu amenewa uwasunge, ndidzawabwereza.

Cholakwa chachiwiri ndi cha ife tonse a kunyanja, amene palibe chimene sitimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Khosi la thanki limagwidwa ndi chingwe cha lasitiki chodutsa kukhwapa, kuti thanki ikhale yokakamira kuthupi. Changa chitatha, sindinauze munthu. Ndinadula chubu, ndinamanga, ndinadzitama mumtima kuti azungu amavutika ndi zinthu zimene ife timatola pamsewu. Chinagwira ntchito masabata angapo. Koma dzuwa la kuno limadya mphira mwakachetechete, ndipo tsiku lina ndili pakati pa miyala iwiri chinaduka, mutu wa thanki unagwa, ndipo pofuna kuugwira ndinadzigunda nawo pakamwa. Dzino lakutsogolo limene umaliona lobenthuka lija, sindinagwe pa njinga monga ndinkakuuzirani muli ana. Ukapeze lasitiki yeniyeni ya ntchitoyi. M'mawa uliwonse uikoke pamaso pako, uone ngati yayamba ming'alu, ndipo ina ikhale m'thumba.

Pa nkhani yomweyi ya kumanga, kumunsi kwa thanki kumakhala ngowe yachitsulo yokolowekera m'chiuno. Ngoweyo imamangidwa ku thanki ndi kachingwe. Ine ndinaona kachingweko ngati kofooka, ndinachotsa, ndinaika waya wa mpanda, ndinapotokola ndi pulayazi. Tsiku lina ndinakodwa mu ukonde wakale umene asodzi anausiya pansi, ndipo mchenga unalowa mu ngowe, inakana kutseguka. Kachingwe ndikanadula ndi mpeni, ndi kusiya thankiyo. Waya sadulika ndi mpeni. Ndinakhala pamenepo ngati mbuzi yapachingwe mpaka mnzanga anabwera kudzandimasula. Chinthu chilichonse chimene wachimangirira pathupi pako, udzifunse kuti ukafuna kuchitaya uchitaya bwanji. Mpeni ukhale pakati pa lamba, pamene manja onse awiri angafike. Ndanena onse awiri, ndipo chifukwa chake uchimva.

Za nyanja ya mchere imene ukupitayo sindingakunamize, sindinaionepo. Ndinangomva kwa Che Ndevu kuti madzi ake amanyamula munthu kuposa athuwa, motero mtovu umene umakumiza kuno sukakukwanira uko. Usakatengere mtovu wa mnzako. Ukayese wekha pamalo osaya, mathanki ali pafupi kutha, chifukwa thanki ya aluminiyamu ikamatha mpweya imapepuka ndipo kumunsi kwake kumadzuka. Ine nditaona zimenezi koyamba ndinachita manyazi kufunsa. Ndinatola miyala iwiri pagombe, ndinaimangirira ku mathanki monga timachitira ndi matchera. Che Ndevu anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandisonyeza kuti mankhwala ake ndi kungosuntha ngowe, kuichotsa pa mphete ya kumbuyo ndi kuikoloweka pa ya kutsogolo. Chinthu cha mphindi imodzi, ine ndinavutika nacho mwezi chifukwa cha manyazi. Ukafunse, mwana wanga, ngakhale akuseke. Ndipo ukatuluka mu mchere, zida zonse uzitsuke ndi madzi akumwa, makamaka ngowe ndi zopumira.

Tsopano ndafika pa dzanja lamanzere. Iwe ndi ine tinaleredwa chimodzimodzi: chakudya ndi dzanja lamanja, moni ndi lamanja, kulandira chinthu kwa mkulu ndi lamanja. Agogo ako ankandimenya ndi chipande ndikatenga chakudya ndi lamanzere, ndipo ndikuwathokoza, chifukwa pamtunda mwambo umenewu ndi wabwino ndipo uusunge. Koma pansi pa madzi unatsala pang'ono kundipha. Lamulo la za m'mbali ndi lakuti upume pang'ono ku thanki iyi, uyang'ane geji, usinthe upume ku inayo, kuti onse azitsika pamodzi, ndi kuti ina ikavuta inayo ikhale ili ndi mpweya wokutulutsa. Ine mtima wanga sunkalola kuika kanthu m'kamwa ndi dzanja lamanzere. Ndinkapuma ku ya kumanja yokha mpaka inkapepuka, ndipo ndinkasambira chopendekeka ngati bwato lolowa madzi. Valavu ya kumanzere, yotsegulira mpweya ija, zala zanga sizinkaidziwa n'komwe. Che Ndevu atazindikira sanaseke. Anandikhazika pa benchi lomwe lino, anandimanga dzanja lamanja kumbuyo ndi thaulo, nandiuza kuti nditsegule ndi kutseka valavu ndi lamanzere mpaka dzuwa lipendeke. Ndinaphunzira. Koma ndinaphunzira mobisa, kuopa kuti anzanga a kumzikiti andiona, ndipo sindinaphunzitse munthu wina aliyense. Iwe uphunzitse dzanja lako lamanzere poyera. Mulungu amene analamula ukhondo ndi yemweyo analamula kusunga moyo.

Zimene zikutsatirazi sindinauzepo munthu. Ndi za amalume ako, Che Jafali, mchimwene wa mayi ako, amene anamwalira iwe uli sitandade 2. Iwe unauzidwa kuti ukonde unawagwira pansi ndipo mpweya unawathera. Ndine ndinanena zimenezo, kwa mayi ako, kwa akuluakulu a mudzi ndi kwa apolisi. Si zoona zonse.

Che Ndevu pobwerera kwawo anandisiyira malamba aja ndi zopumira ziwiri kuti zikhale zanga. Ndinawayeza pathupi langa, ndipo kuti asamasunthe ndinawasoka ndi ulusi wa ukonde, mfundo za usodzi zimene sizimasuka. Ukudziwa kuti ine ndine wamtali. Amalume ako anali aafupi, achifuwa chachikulu. Chopumira cha kumanzere chinayamba kutaya mpweya pang'onopang'ono, kamluzu chabe, ndipo m'malo mochikonza ndinazolowera kulowa m'madzi valavu yake ili yotseka, n'kumaitsegula pansi nthawi yosintha ikakwana. Dzanja langa linali litaphunzira, ndiye ndinkaona ngati palibe vuto.

M'mawa wina chilimira cha amalume ako, ukonde waukulu wa usipa uja, chinakodwa pa miyala ya pansi kuseri kwa chilumba. Anabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndikachikodole. Ine khutu linali litatupa, likutuluka mafinya, ndipo munthu wa khutu lotere salowa pansi. Ndiye anati ndiwabwereke zida, alowa okha, popeza nawonso anagwirapo mbuna ndi paipi ija ndipo madzi ankawadziwa. Ndinayamba kuzengereza. Iwo anaseka, nati:

"Alamu, mukandikaniza ndikauza mlongo wanga akusamutseni pamudzi pano, mukagone ndi mathanki anuwo."

Zinali nthabwala za pachilamu, koma iwe ukudziwa mmene mkamwini amakhalira. Nyumba yathu ili pa malo a kwawo kwa mayi ako. Kwathu kuno bwato timabwerekana, nyali timabwerekana, ngakhale malaya a ukwati. Munthu wokaniza mlamu wake chida chimene chili pa msomali amatchedwa dzina loipa mpaka kumanda. Ndinaopa dzina. Ndinawapatsa.

Ndinapita nawo m'boti, pamodzi ndi amuna anayi a chilimiracho. Powaveka amalume ako ndinaona ndi maso anga kuti malamba awatalikira, mathanki atsikira kumbuyo, mitu yake siili kukhwapa koma chakumsana. Kukonza kwake kunali kudula ulusi wanga uja, ndipo ndinaumira ulusi. Ndinangowauza kuti:

"Ya kumanzereyo ndatseka, chopumira chake chikutaya. Ya kumanja ikatha, mutsegule ndi dzanja ili."

Iwo anakweza dzanjalo, analiyang'ana, nati: "Ili, alamu? Ili ndimalidziwa ntchito imodzi yokha."

Boti lonse linaseka. Inenso ndinaseka, Patuma. Sindinawauze kuti ayese kufikira valavuyo tili pamwamba. Sindinaitsegule ndekha, kuti itaye mpweya wake koma ikhale yotsegula. Sindinawauze za kusinthasintha. Anati Bismillah, analowa, okha.

Tinkatsata thovu la mpweya wawo pamwamba pa madzi. Ukonde unayamba kumasuka mbali imodzi, amuna aja anayamba kukoka akuimba. Kenako thovu linaleka. Tinadikira, poganiza kuti asunthira kuseri kwa mwala. Litapitirira kusaoneka tinathamangira kuno kuntchito kukatenga zida zina, ndipo ndinalowa ndi khutu langa lotupalo. Linaphulika ndisanafike pansi, n'chifukwa chake umandilankhulira mbali imodzi.

Ndinawapeza atagona pambali pa ukonde. Sanakodwe. Geji ya kumanja inali pansi penipeni. Thanki ya kumanzere inali yodzaza monga ndinaipopera. Chopumira chake chinali m'kamwa mwawo, ndipo dzanja lawo lamanzere linali litapindikira kumbuyo, kumene valavu inathawira chifukwa cha kutalika kwa malamba anga. Panatsala ngati kutalika kwa chikhatho kuti aifike.

Chimene ndinachita pamenepo ndicho chandilemera kuposa zonse. Ndinatsegula valavu ija, ndinakanikiza chopumira, ndinadikira mpaka mpweya wonse unatuluka. Kenako ndinawakweza pamwamba, ndinauza anthu kuti ndawamasula mu ukonde ndipo mathanki onse awiri ndi ouma. Anthu anati ndi chifuniro cha Mulungu. Anandithokoza kuti ndataya khutu potulutsa mlamu wanga. Pamaliro anandiika kutsogolo kunyamula jeneza. Kuyambira tsiku limenelo mayi ako sadya kampango, sakwera boti, ndipo amati pansi pa nyanja palibe lamulo, munthu angasamale chotani amatengedwa basi. N'chifukwa chake akukukaniza. Akuopa chinthu chimene ine ndinawanamiza.

Ndiye wamva, mwana wanga. Malamba ndi a thupi limodzi. Usabwereke a munthu, ngakhale a bambo ako. Usabwereketse ako, ngakhale akutche wouma mtima, ngakhale wopemphayo akhale amene akukusunga. Usawasoke kuti asasunthe, chifukwa thupi limasintha ndipo suti imasintha. Usanalowe m'madzi, valavu zonse ziwiri zikhale zotsegula, upume ku chopumira chilichonse, ndipo ufikire valavu iliyonse ndi dzanja la mbali yake. Ngati sukuifika, tuluka ukonze. Chopumira chikamalira kamluzu, tsiku limenelo ndi la pamtunda. Ndipo usalowe wekha, kapena kulola mnzako alowe yekha iwe uli m'boti. Sindikulemba ngati katswiri. Ndikulemba ngati munthu amene anaona mtengo wake wa chilichonse mwa zimenezi.

Ndaima kaye apa. Ndawerenga zimene ndalemba, ndipo ndaona kuti si chilungamo kuti mwana adziwe chimene mayi ake sakudziwa. Ndikupita kunyumba.

Ndapitiriza itatha swala ya Asiri.

Mayi ako ndinawapeza pa thandala akutembenuza usipa. Ndinawauza zonse nditaimirira, monga ndalembera pamwambapa, osachotsa kanthu. Sanandiyang'ane. Anapitiriza kutembenuza mpaka kumapeto kwa thandala, kenako anapukuta manja pa chitenje, nandifunsa funso limodzi:

"Ndiye mpweya unalipo?"

Ndinati unalipo.

Anakhala pansi pamchenga. Ananena motsitsa kuti zaka zonsezi akhala akudana ndi nyanja pa mlandu wa munthu, ndipo akhala akundiphikira ngati amene anataya khutu chifukwa cha mchimwene wawo. Anati za kukhululuka ndisawafunse lero, ndipo sakudziwa tsiku limene ndingawafunse. Anati mawa m'mawa ndipite kwa a Shehe, ndipo ndikachoka kumeneko ndipite kwa mkazi wa Che Jafali ndi ana ake, ndikanene ndi pakamwa panga zomwe ndawauzazi, malambawo ali m'manja. Ndinavomera.

Ndinachita mantha kufunsa za iwe, koma anayamba okha. Anati ngati chinapha mchimwene wawo ndi chinthu chokhala ndi dzina, chimene munthu angachiphunzire n'kuchipewa, ndiye kuti alibe chifukwa chokutsekera. Mawu awo enieni ndi awa:

"Apite. Koma zakezo ziyezedwe pathupi lake ine ndikuona, ndipo inu musagwireko mpaka nditanena."

Pamene ndikulemba pano apita kwa telala wa pamsika kukabwereka tepi. Malamba atsopano, osadula, ndapempha kwa abwana a kuntchito ndipo andipatsa. Choncho ukafika kuchokera ku Chowe ndi kuwerenga kalatayi, uvale suti yako, uime pakhonde pamaso pa mayi ako. Iwo ayeza, ine ndizingonena pamene tepi ikhale. Ukafika ku Mozambiki aphunzitsi ako akaonenso muli m'madzi, ndipo akakonza, umvere iwo, osati ine.

Ukudziwitsidwanso kuti mawa sindidzakuperekeza kokwerera minibasi. Nthawi imene iwe uzidzakwera, ine ndidzakhala nditakhala pansi pakhomo pa akazi a amalume ako, aja ndinawasandutsa amasiye. Ngati ukafuna kundilembera, ndidzayankha. Ngati sukafuna, ndidzamvetsa, ndipo dua yanga idzakutsata chimodzimodzi. Chimene ndikupempha si chakuti undikhululukire. Ndikupempha kuti tsiku lililonse, usanaike phazi m'madzi, utambasule dzanja lako lamanzere, ugwire valavu, uone kuti ndi yotsegula.

Mulungu akulowetse ndipo akutulutse.

Ndatha ine, wolemba ndi mwini mlandu,
bambo ako,
Twaibu.